Liwu la check: kuchokera kwa mfumu ya ku Persia mpaka pa cheke cha kubanki

Kalata ya pa imelo imene ndikuyankha lero yachokera kwa achemwali ena olandira alendo pa loji ina kunyanja. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Kuntchito kwathu liwu la check silichoka pakamwa. Mlendo akafika akuti check in, pochoka akuti check out. Abwana akafuna kuti ndikaone ngati chipinda chakonzedwa amati check the room. Tsiku lina mlendo wa ku America atatha kudya anati check, please. Ine ndinamuuza kuti sitilandira macheke, koma iye amangofuna bilu. Mnzanga akuti ngakhale malaya a timabokosi nawonso ndi check. Kodi ndi liwu limodzi, kapena ndi mawu angapo amene anangofanana kamvekedwe?"

Achemwali, zikomo pofunsa. Ndi liwu limodzi, ndipo silinabadwire ku England. Kholo lake ndi shah, dzina laulemu la mafumu a ku Persia, dziko limene lero tikuti Iran, ndipo chimene chinalinyamula kulifikitsa m'Chingerezi ndi masewera a tchesi.

Tchesi inayambira ku India cha m'zaka za m'ma 500. Kumeneko inkatchedwa chaturanga, kutanthauza magulu anayi a asilikali: oyenda pansi, okwera pamahatchi, okwera njovu ndi a magaleta. Itafika ku Persia dzina linasanduka chatrang, ndipo chidole chofunika kuposa zonse pabolodi anachitcha shah, mfumu. Ulemu umenewu ndi wakale zedi. Unachokera ku liwu limene mafumu ngati Darius, yemwe m'Baibulo timamuwerenga kuti Dariyo, ankadzitchula nalo, ndipo unakhalapobe mpaka shah womaliza, Mohammad Reza Pahlavi, atachoka mu Iran mu January 1979. Aluya atagonjetsa Persia m'zaka za m'ma 600 anatengera masewerawa. Poti m'chinenero chawo mulibe ch, iwo ankati shatranj. Kudzera mwa iwo tchesi inalowa mu Spain ndi mu Sicily, ndipo pofika cha m'ma 1000 inali itayamba kufalikira mu Europe.

Mpaka lero mungathe kulondola ulendowu m'maina. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amadziwa kuti m'Chipwitikizi tchesi ndi xadrez. Ku Spain ndi ajedrez, m'Chiswahili ndi sataranji, ndipo onsewa ndi ana a shatranj. Mitundu ina sinasamale dzina la masewera, inangogwira mfuu imene inkamveka pakati pa osewera. Munthu akaika mfumu ya mnzake pangozi ankamuchenjeza kuti "shah!" Ajeremani mpaka pano amati Schach. Olemba Chilatini analemba scaccus, Afalansa akale nkumati eschec, zikachuluka esches. Angerezi anadula kutsogoloko, ndipo cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300 anali ndi mawu awiri, check ndi chess. Lina ndi la chinthu chimodzi, linalo ndi la zambiri, koma ndi liwu lomwelo.

Pano pafunika kuti timvetse lamulo la masewerawo, chifukwa matanthauzo ambiri amene akukusokonezani anamera pa lamulo limeneli. Mu tchesi mfumu sidyedwa ngati mmene zidole zina zimadyedwera. Ikaopsezedwa, mwini wake saloledwa kuchita china chilichonse. Kaya anali pafupi kudya chidole chachikulu cha mnzake, kaya anali ndi nzeru ina imene wakhala akuikonza kwa nthawi, zonsezo ziyambe zaima. Ayenera kusuntha mfumu, kapena kuitchinga ndi chidole china, kapena kudya chimene chikuiopsezacho. Zitatuzi zikakanika, masewera atha. Ku Persia ankati shah mat, mfumu yathedwa nzeru, yasowa kolowera. Anthu ambiri amamasulira kuti "mfumu yafa" chifukwa m'Chiarabu muli liwu lomveka chimodzimodzi lotanthauza kufa. M'Chingerezi mawuwa anasanduka checkmate.

Choncho check woyambirira ndi kuimitsidwa mwadzidzidzi ndi mnzako, iwe uli ndi zako m'mutu. Tchesi inali masewera a m'nyumba za mafumu ndi za akuluakulu ankhondo, ndiye sizodabwitsa kuti liwuli linatuluka pabolodi nkuyamba kunenedwa za gulu lankhondo lobwezedwa panjira, za hatchi yokokedwa chingwe, za munthu wodzudzulidwa. Afalansa analipititsa kwina: kwa iwo échec lero ndi kulephera, monga kulephera mayeso. Angerezi anasunga za kuimitsa ndi kuletsa. Akati keep in check akutanthauza kugwira chinthu kuti chisapyole malire, kaya ndi mkwiyo, mliri kapena kukwera kwa mitengo ya zinthu. Moto umene ukufalikira popanda wouletsa amati ukuyaka unchecked.

Tanthauzo limeneli ndi limene lili m'mawu amene mumawamva kawirikawiri pawailesi, checks and balances, ndipo ndimaona kuti ambiri timawamva molakwika. Timaganiza kuti checks pamenepa ndi kufufuza, ngati mmene owerengera ndalama amafufuzira mabuku. Koma pamenepa liwuli likadali ndi mphamvu yake ya pabolodi. Amene analemba malamulo oyendetsera dziko la America mu 1787 anafuna kuti nthambi iliyonse ya boma izitha kuimitsa inzake: pulezidenti angathe kukana kusayina lamulo la aphungu, aphungu ndi amene amaloleza ndalama zimene pulezidenti agwiritse ntchito, ndipo makhothi amatha kugwetsa lamulo losemphana ndi malamulo aakulu. Kwathu tinaona zimenezi ndi maso pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019 nkulamula chibwereza, chimene chinachitika pa 23 June 2020. Ndicho chimene mawuwa amanena: ngakhale amene ali pamwamba penipeni ali ndi womuuza kuti aime.

Nanga kuchoka pa kuimitsa kufika pa check the room ya abwana anu zinayenda bwanji? Mtunda wake ndi waufupi. Munthu amaimitsa chinthu kuti achione bwino chisanadutse. Kalaliki wa mabuku a ndalama amene salola nambala kudutsa asanaiyerekeze ndi ya m'buku lina akuchita zonse ziwiri, akuletsa chinyengo ndiponso akuyang'anitsitsa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 liwuli linali litayamba kutanthauza kutsimikizira chinthu pochiyerekeza ndi china chodalirika, ndipo pang'onopang'ono mbali ya kuyang'ana inakula kuposa ya kuletsa. Pamalo amene apolisi amatchinga msewu, amene m'Chingerezi amatchedwanso checkpoint, matanthauzo onse awiri amaonekera limodzi: galimoto imaima, kenako mapepala amaonedwa. Kuchoka apo nkhani ndi yosavuta. Check-up ndi kukayezetsa m'thupi musanadwale, double-check ndi kuonanso kachiwiri, fact check ndi ntchito ya atolankhani yotsimikizira ngati zimene wina wanena ndi zoona.

Tsono kuyerekeza kumafuna chinthu choyerekezera, ndipo chinthucho nachonso chinatenga dzinali. M'sitima zapamtunda za ku America m'zaka za m'ma 1800, munthu akapereka katundu wake ankapatsidwa kachitsulo kolembedwa nambala, ndipo kena ka nambala yomweyo ankakamangirira pakatunduyo. Kachitsuloko kanali check. Pofika, tiwiriti tikagwirizana, katundu ndi wako. Kapepala ka m'nyumba yodyera kolembapo zimene munthu wadya, koti iye ndi wolandira ndalama aonepo ngati zikugwirizana, nakonso kanatchedwa check, ndipo ndi kamene mlendo wanu uja ankapempha. Pamasewera a baseball, mvula ikasokoneza, oonera ankapatsidwa tikiti yodzalowera tsiku lina, rain check. Ndiye munthu wa ku America mukamuitana ku chakudya iye nkuyankha kuti I'll take a rain check, sanakukaneni, akuti lero sizitheka koma mudzamuitanenso. Check in ndi check out zanu za tsiku ndi tsiku zili m'banja lomweli: dzina la mlendo limayerekezedwa ndi zolembedwa m'buku pofika, ndipo pochoka ngongole yake imaonedwa nkutsekedwa. Ngakhale kachizindikiro kamene aphunzitsi amaika pochonga, kosonyeza kuti apa ndaona ndipo zili bwino, ku America ndi check mark, pamene ku Britain amati tick.

Mbali imene imandikoka mtima kwambiri ndi ina, yochokera ku bolodi lenilenilo. Afalansa akale ankalitcha eschequier, ndipo m'Chingerezi linakhala checker kapena chequer. Chilichonse chokhala ndi timabokosi tosinthana mtundu chinayamba kudziwika ndi dzinali, ndiye mnzanu uja akunena zoona za malaya. Mbendera ya timabokosi takuda ndi toyera imene amakupiza pothera pa mpikisano wa magalimoto ndi chequered flag. Munthu amene mbiri yake ndi yosakanikirana, pena poyera pena pakuda, amati ali ndi chequered past. Drafuti imene anyamata amasewera ndi zitsekerero za mabotolo pamsika tinaitengera ku draughts ya Angerezi, koma ku America masewera omwewo ndi checkers, chifukwa cha bolodi lake.

Bolodi lomweli ndi limene linapereka dzina ku thumba la boma la England. M'nthawi ya Mfumu Henry I, amene analamulira kuyambira 1100 mpaka 1135, akuluakulu oyang'anira zigawo, otchedwa sheriff, ankabwera kawiri pachaka, pa Isitala ndi kumapeto kwa September, kudzafotokoza za misonkho imene atolera. Ankakhala mozungulira tebulo lalikulu, pafupifupi mamita atatu m'litali ndi mita ndi theka m'lifupi, lokhala ndi m'mphepete mokwera kuti kanthu kasagwe. Patebulopo ankayala nsalu yakuda yolembedwa mizere. Mzere woyamba unali wa mapeni, wotsatira wa mashileni, kenako mapaundi, mapaundi makumi awiri, mazana, mpaka masauzande. Agogo athu sangavutike kumvetsa mawerengedwe amenewa, mapeni 12 kupanga shileni ndi mashileni 20 kupanga paundi, chifukwa ndi omwe ankagwiritsa ntchito kwacha isanabwere, ku Zambia mu 1968 ndi ku Malawi mu 1971. Wowerengera ankaika tizitsulo m'timabokosimo ngati mmene wosewera bawo amaikira nkhomo m'maenje: mzere wina ndalama zimene sheriff amayenera kubweretsa, pansi pake zimene wabweretsa ndi zimene wagwiritsa ntchito m'dzina la mfumu. Chotsala chinkaonekera poyera. Nzeru yake inali yakuti manambala achiroma ndi ovuta kuwonkhetsa papepala, ndiponso si onse okhala pamenepo amene ankadziwa kuwerenga, koma aliyense wokhala ndi maso ankatha kutsatira tizitsuloto nkutsutsa ngati wina akumubera.

Tikudziwa zimenezi mwatsatanetsatane chifukwa msungichuma wa Mfumu Henry II, Richard FitzNeal, anazilemba cha m'ma 1170 m'buku lotchedwa Dialogus de Scaccario. Iye mwini anafotokoza kuti dzinali linabwera chifukwa tebulolo linkaoneka ngati bolodi la tchesi, ndiponso kuti monga mu tchesi nkhondo imakhala pakati pa mafumu awiri, patebulopo inkakhala pakati pa msungichuma ndi sheriff. Ofesiyo inatchedwa Exchequer. Nsalu ija inasiya kuyalidwa kalekale, koma nduna ya zachuma ya ku Britain, imene nyumba yake ndi 11 Downing Street, mpaka lero ndi Chancellor of the Exchequer. Mu July 2024 Rachel Reeves anakhala mayi woyamba kukhala paudindowu.

Lisiti la ku Exchequer linali kamtengo. Munthu akapereka ndalama, ankasema mipata pakamtengo ka hazel: mpata waukulu ngati chikhatho kuimira mapaundi 1,000, ngati chala chachikulu mapaundi 100, ngati chala chaching'ono mapaundi 20, ndipo peni inali kamzere chabe. Akatero ankakang'amba pakati m'litali mwake kuti mipata ija ioneke mbali zonse ziwiri. Mbali yaitali, stock, inkapita ndi wopereka ndalama, ndipo yaifupi, foil, inkatsala. Wofuna kuonjezera mpata pambali yake ankagwidwa tsiku loziphatikiza, pakuti mtengo wong'ambidwa umagwirizana ndi unzake umodzi wokha. Njira imeneyi inagwira ntchito mpaka 1826. Timitengo tosafunikanso tinaunjikana, ndipo pa 16 October 1834 antchito anatitentha m'ng'anjo zotenthetsera nyumba ya malamulo ku Westminster. Anasonkhezera mopyola muyeso, moto unagwira nyumba, ndipo mbali yaikulu inapsa usiku womwewo. Nyumba ya malamulo imene mumaiona pazithunzi za London, yokhala ndi wotchi ya Big Ben, inamangidwa m'malo mwa imene inapsayo.

Ndakhalitsa pa timitengoti chifukwa cheke cha kubanki chinabadwa ndi nzeru yomweyo. M'zaka za m'ma 1600 anthu a chuma ku London ankasungitsa ndalama kwa osula golide ndi kwa alembi a zamalonda, ndipo akafuna kulipira munthu ankalemba kalata yolamula wosungayo kuti apereke. Kalata ina yotere imene idakalipo ndi ya mu 1659, ya mapaundi 400. Nthawiyo sinkatchedwa cheke, ankati drawn note. Vuto linali lakuti kalata yolemba pamanja aliyense angathe kuipeka. Mu 1717 Bank of England inayamba kusindikiza mapepala akeake, okhala ndi zojambula m'mbali zimene ankazidula pakati, chidutswa china nkutsala ku banki. Pepala likabwera kudzatapa ndalama ankaliyerekeza ndi chidutswa chotsalacho. Chidutswa choyerekezera chija ndi chimene poyamba chinkatchedwa check, popeza ntchito yake inali kutchinga akuba, ndipo pambuyo pake dzinalo linafalikira ku pepala lonse. Kachidutswa kotsala m'buku la macheke kapena la malisiti mpaka lero ndi counterfoil, ndipo foil ameneyu ndi yemwe uja wa kamtengo. Angerezi anakhazikika pa kalembedwe ka cheque, kofanana ndi kumapeto kwa Exchequer, pamene ku America anasunga check pa zonse. Ife tinatengera ku Britain nkumati cheke.

Mudzakumana ndi ena onena kuti cheke chinachokera ku liwu la Chiarabu lakuti sakk. Nzoona kuti amalonda a ku Baghdad ankagwiritsa ntchito makalata olipirira otchedwa sakk zaka mazana ambiri London isanakhale ndi mabanki, ndipo ulemu umenewo ndi wowayenera. Koma pa nkhani ya liwu la Chingerezi ine ndili kumbali ya madikishonale aakulu, amene amalilondola kuchokera ku check wa kutsimikizira, chifukwa zolembedwa za ku England zimaonetsa dzinali likuyambira pa chidutswa choyerekezera lisanafike pa pepala lolipirira.

Za kuntchito kwanu, musadzione ngati munalakwa tsiku lija. Chingerezi chimene timaphunzira kusukulu ndi cha ku Britain, ndipo m'Chingerezi chimenecho munthu akatha kudya amapempha bill, pamene cheque ndi ya kubanki. Munayankha mogwirizana ndi zimene munaphunzitsidwa. Chongofunika kudziwa nchakuti alendo a ku America amasinthanitsa: kwa iwo check ndi bilu ya chakudya komanso cheke cha kubanki, ndipo bill angathe kukhala ndalama yapepala, monga ten-dollar bill. Chinanso chothandiza ndi kutchera khutu ku kaliwu kotsatira. Check on ndi kukazonda munthu kapena kukaona ngati ali bwino. Check with ndi kukafunsa kaye kwa wina musanachite kanthu. Check off ndi kuchonga pamndandanda. Check out ndiye ali ndi nkhope zingapo: kutuluka m'hotela, kulipira pa kauntala ya sitolo, kubwereka buku ku laibulale, ngakhalenso kungoti "taonani ichi". Mlendo akakuuzani kuti check out this photo sakuchoka, akufuna muone chithunzi.

Pali mawu awiri amene amamveka ngati a m'banjali koma ndi achilendo. Czech, dzina la anthu a dziko limene likulu lake ndi Prague, ndi liwu la chinenero chawo ndipo silikhudzana ndi tchesi. Kucheka kwathu, kwa mpeni ndi sowo, nako ndi kwathu kwenikweni, kunalipo Mngerezi asanafike. Chimene chachitika nchakuti achinyamata a m'tauni anabwereka check nkumuveka zovala za Chichewa, ndiye mawu awiriwa agundana. Mnyamata akati "ndidzakucheka mawa" akunena zodzakuona, pamene mmisiri wa matabwa akanena zocheka akunena za thabwa. Palibe amene amasokonezeka, chifukwa nkhani imene ikukambidwa imamasulira yokha, monga mmene zimakhalira kwa Mngerezi ndi matanthauzo ake onse aja.

Liwuli silinasiye kubala. Abale athu a ku Johannesburg amadziwa masitolo a Checkers. Majumbo a masitolo amenewa anafala kwambiri m'makomboni mwakuti ku South Africa anthu ambiri akati checkers akutanthauza jumbo iliyonse yapulasitiki yonyamulira katundu, ngakhale yochokera m'sitolo ina kapena kwa wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu.